Bokosi Lopanda Mwini

Achimwene anga amakhoma mabokosi a maliro. Ndaneneratu kuti wofuna kulavula alavuliretu, chifukwa anthu ambiri akamva zimenezi nkhope imachita ngati aponda chonyowa. Ine ndine mlongo wawo, ndipo nsalu yoyera imene mumaiona mkati mwa bokosi, yopindapinda bwino chakumutu ija, ndimasoka ndine. Makina anga ali pakona ya shedi yomweyo, pafupi ndi zenera. Utuchi umene ndameza pa moyo wanga ungadzaze matiresi.

Mumsewu mwathu amawatchula kuti a Muyezo. Dzinali silinabwere chifukwa cha tepi ayi. Tepi ali nayo, ili pamsomali, inachita dzimbiri kalekale. Iwo amayeza ndi diso. Munthu akangolowa pakhomo, diso lawo limayambira pamutu, limaima pang'ono pamapewa, kenako n'kutsikira kumapazi, basi zatha. Satero mwadala. Ntchitoyi anaiyamba ali aang'ono kwa mmisiri wina wokalamba amene ankawatuma kunyumba za maliro kukatenga muyezo, ndipo anamfedwa sankafuna kuona mlendo akutambasula tepi pathupi la munthu wawo. Ndiye anaphunzira kuima pakhomo, chipewa m'manja, kuyang'ana kamodzi, n'kubwerera. Diso linazolowera. Vuto lake n'lakuti silinaphunzire kusiyanitsa wogona ndi woimirira.

Anthu amaliona likuyenda pathupi pawo, ndipo salikonda. Wometa wa pafupi nafe amawameta atawatembenuzira kukhoma, ati asakumane nawo maso pagalasi. Mayi wogulitsa masamba akawaona amaphimba khanda lake ndi nsalu. Wogulitsa makala ndiye amachita kuwerama dala, kuyenda ngati nkhalamba, ati muyezo ulakwike. Ine ndimamuuza kuti, "Weramani bambo, koma tsikulo tidzakuwongolani." Amandithawa inenso.

Amene sankaliopa diso limeneli anali mlamu wanga yekha, mkazi wawo. Likamuyenda, iye ankangoseka, n'kutambasula manja, amvekere, "Yezani bwino bambo ake, musadzandipanikize mapewa." Anali mayi wa nthabwala zosaopa Mulungu. M'chaka cha mliri chija, m'mawa wina akuyanika zovala, anadziwongola kuti afikire chingwe, ndipo achimwene ali pakhomo la shedi diso linachita zake. Sipanapite nthawi mlamu anayamba kutsokomola. Bokosi lake anakhoma okha, ndipo tepi sinachoke pamsomali. Nsalu ndinasoka ine, misozi ikugwera pa singano.

Kuchokera pamenepo achimwene anayamba kukhulupirira chinthu chimene sanachinenepo bwinobwino ndi pakamwa, choti diso lawo silimangoyeza, limaitana. Ine ndinawauza kuti ndi zamkutu, mliri unatenga anthu ochuluka amene iwo sanawaonepo n'komwe. Anangoti "Eya," n'kupitiriza kupala thabwa. Koma anayamba kuyenda mumsewu atazyolika, kupereka moni kwa nsapato za anthu.

Mlamu anasiya mwana mmodzi, mnyamata. Timamutchula kuti Kaliwiro, chifukwa chibadwire mwana ameneyu sanayendepo. Ukamutuma mchere amathamanga, kuchimbudzi amathamanga, ngakhale kutchalitchi ankafika akupuma wefuwefu. Atafika kusekondale anamutenga kuti azithamangira sukulu. Apa ndi pamene ndinaona achimwene ali munthu. Ankatseka shedi, kuvala malaya abwino, kukaima pamphepete pa bwalo n'kumuyang'ana mwanayo ndi maso onse awiri, osaphethira, akumwetulira mpaka mano akumbuyo. Ndinawafunsa tsiku lina kuti bwanji kubwalo simuzyolika. Anati, "Wothamanga sayezeka, mlongo. Diso likati liyambe pamutu, iye wapita kale."

Katemera wa achinyamata atabwera, achimwene sanadikire kuti wina awanyengerere. Anamutenga okha mwanayo kupita naye kukabayitsa, ati mabokosi a mliri umenewu ndakhoma okwanira. Ine ndinali nditabayitsa kale, dzanja linangowawa pang'ono. Jakisoni woyamba Kaliwiro sanamumve n'komwe. Wachiwiri atabaya panadutsa masiku ochepa, ndipo masana ena ndili pamakina ndinasuzumira pazenera n'kumuona akubwera kuchokera kusukulu. Ankayenda. Kuyenda ndithu, phazi ndi phazi, dzanja lili pachifuwa. Phazi langa linaima lokha pamakina.

"Anti," anatero atafika, "pachifuwa pakundithina ngati wina wakhalapo. Ndikapuma kwambiri pakubaya."

Tinatenga galimoto ya hayala. Kuchipatala anamumata timawaya pachifuwa, makina akulavula pepala la mizere yokhotakhota, anamutenga magazi, kenako dokotala wina wachizimayi wa magalasi anatiitanira pakhonde. Anati mnofu wa mtima watupa. Anati zimachitika mwa apo ndi apo pambuyo pa katemera, makamaka kwa anyamata a msinkhu umenewu, ndipo mwa ana ochuluka zedi amene amabayitsa ndi owerengeka okha amene zimawagwera. Ambiri amachira bwinobwino, anatero, ndipo matenda enieniwo amatupitsa mtima kawirikawiri kuposa katemera. Koma mtima wotupa sufuna phuma. Agone m'chipatala masiku angapo, ndipo akatuluka, miyezi ingapo osathamanga, osanyamula zolemera, osasewera mpira, mpaka iye atamuyezanso n'kuvomereza. "Akathamanga msanga," anatero dokotalayo akuyang'ana achimwene, "ndi pamene zingaipe."

Achimwene anagwedeza mutu, anathokoza, n'kutembenuka kuti akamuone mwana. Ine ndinali pambuyo pawo. Anafika pakhomo la wodi, anavula chipewa monga mwa ulemu, anachigwira m'manja, n'kuima. Kaliwiro anali chagada pabedi la nsalu zoyera, miyendo yowongoka, manja m'mbali monga anamuuzira namwino, maso atatseka chifukwa cha kutopa. Kaimidwe kameneko ka achimwene ndinkakadziwa, ndipo iwonso anakazindikira. Anatembenuka mofulumira mpaka anawomba phewa pachitseko.

"Sindinamuone," anandiuza pakhonde. "Mlongo, ndinatseka maso msanga. Sindinamuone."

Anapita kunyumba, ndipo kuchipatala kuja sanapondekonso. Wodwala ndinamudikirira ndine.

Masana ena ndinabwerera kunyumba kudzatenga zovala zosintha. Dzuwa linali lili paliwombo, msewu uli zii, ngakhale agalu atabisala. Shedi inali yotseka, chinthu chimene sichichitika masana, koma mkati munkamveka chopalira matabwa, shwii, shwii, shwii, mosapumira. Ndinadabwa chifukwa kunalibe maliro amene tinamva, ndipo palibe amene anandiuza zoti ndisoke nsalu. Ndinagogoda. Phokoso linaleka. Ndinaitana, palibe anayankha. Nditangochoka pakhomo, shwii, shwii, chinayambanso.

Kaliwiro atatuluka m'chipatala ndinabwerera pamakina anga. Ndikufunafuna lumo langa limene linagwera kuseri kwa mulu wa matabwa, ndinaona chinthu chophimbidwa ndi chiguduli. Ndinachivundukula. Linali bokosi latsopano, losapaka vanishi, lopanda zogwirira, lokhomedwa mwaluso kuposa onse amene ndinawaonapo. Linali lalitali ndithu koma lopapatiza pamapewa. Ine nsalu ndasoka zambiri, ndipo bokosi ndikaliona ndimadziwa kuti ndi la munthu wotani. Ili silinali la bambo, silinalinso la mwana.

"Achimwene, ili ndi la ndani?"

Sanadzutse mutu. "Ndimati ndipange shelefu."

"Shelefu? Mukundiyesa chitsiru ine?"

"Manja anangogwira okha, mlongo. Ndimati ndisangokhala, ndipale matabwa mtima ukhale pansi. Pozindikira, ndikukhoma chivundikiro."

Ndinakalipa mpaka mawu anandithera. Ndinati liphwasuleni lero lomwe, titenthe. Anakana. Ati mmisiri wawo uja ankati bokosi lokhomedwa saliphwasula, ukaliphwasula limapita kukafuna mwini wake msanga. Ndinati ndiye ligulitseni. Anandiyang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Ndiye ndizikhala pano kudikira kuti mwana wa wina wa msinkhu umenewu afe?" Ndipo patapita nthawi kunabweradi banja lina lofuna bokosi la mtsikana wamkulu ngati Kaliwiro, koma achimwene sanalitulutse. Anakhoma lina. Ati kulipereka kukanakhala ngati kusinthanitsa.

Bokosi lija linakhala kuseri kwa matabwa, ndipo ine ndinkagwira ntchito nditalifulatira. Masana kukatentha linkalira. Matabwa aawisi amatero akamauma, ndikudziwa, musandiphunzitse. Koma ili linkalira mwa kanthawi kofanana, the, the, the, n'kusiya, ngati likumvetsera. Ndikaimitsa makina nalonso linkaima. Mphaka wathu amene amagona m'bokosi lililonse latsopano, ili ankalizungulira patali. Ine ndine munthu wosaopa mitembo, koma ndinayamba kumaimba nyimbo ndikamasoka.

Kunyumba ndiye kunali kovuta kuposa. Kaliwiro ankamwa mankhwala ake, ululu unatha, ankadya ngati dzombe, koma ankangokhala chogona kapena kukhala pampando, monga analamulira dokotala. Mwana wogona ndiye amene achimwene sakanatha kumuyang'ana. Ankadutsa pakhomo la chipinda chake nkhope ili kukhoma. Chakudya ankadyera kushedi. Akafuna kumufunsa kuti wadzuka bwanji, ankafunsa ali kuseri kwa chitseko, kapena kundituma ine ngati kuti mwanayo ali kudziko lina. Ankamugulira zipatso, kumukonzera kawailesi, kumupangira kampando kotsamira kofewa bwino. Chilichonse ankamupatsa, kupatula maso.

Anthu nawonso pakamwa sipanawawawe. Ena ankati ndi jakisoni, mwana watha ameneyo. Ena ankati si jakisoni, ndi diso lija, linayamba mayi tsopano lafika pa mwana. Wometa uja anandiimitsa pamsewu kuti andiuze nzeru zake zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndinamufunsa kuti ana ake atatu amene anabayitsa tsiku lomwelo, amene akuswa mawindo a anthu ndi mpira, ndi mizukwa kodi? Anabwerera m'kanyumba kake. Koma mawu a mumsewu amalowa m'nyumba ngakhale utseke mawindo, ndipo Kaliwiro anali ndi makutu.

"Anti," anandifunsa tsiku lina ndikumuyalira, "ababa akudziwa chiyani chimene adokotala sananene?"

"Palibe. Abambo ako ndi amantha basi."

"Ndiye bwanji sandiyang'ana? Ngakhale wogulitsa makala amamuyang'ana."

Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, adikire, zonse zidzatha. Anangondiyang'ana ngati ndamupatsa madzi m'dengu. Mwana uja anayamba kufota m'maso. Ankagona n'kuika dzanja pachifuwa kumvetsera mtima wake, ndipo pa usinkhu umenewo munthu akayamba kumvetsera mtima amamva zambiri zimene kulibe.

Ndiye masana ena ndinamupeza kuseri kwa nyumba akumanga zingwe za nsapato zake zothamangira. Mayo ine! Ndinamulumphira ngati mphamba. Ndinamuvula nsapato imodzi ndi manja angawa, iye akulimbana nane.

"Ukufuna kufa iwe? Adokotala anati chiyani?"

"Ndingozungulira bwalo kamodzi, anti. Adutse pamsewu andione. Ababa amandiona ndikamathamanga basi."

Ndinamumvera chisoni, koma nsapato ndinalanda. Ndinakazitsekera m'kabati ya makina, kiyi ndinamanga pansalu. Kenako ndinalowa m'shedi n'kuwauza achimwene mosapsatira. Ndinati mwana wanu athamanga, nsapato kapena opanda nsapato, ndipo akadzagwa pabwalopo sadzakhala jakisoni kapena diso, mudzakhala inu ndi khosi lanu lokhotalo. Anagwira hamala osakhoma kanthu. Anati, "Ndikamuyang'ana n'kumuyeza bwanji?" Ndinati, "Munamuyeza kale, si ilo lili apolo?" Bokosi linalira kuseri kwa matabwa, the.

Miyezi inapita choncho, ine ndikulondera mwana ngati wakuba, achimwene akuonda. Tsiku loti tibwerere kwa dokotala linali litayandikira. Masana ena otentha, achimwene atapita kukaperekeza bokosi la nkhalamba ina, ine ndinatuluka kukagula ulusi. Sindinachedwe. Pobwerera tinakumana pageti, iwo akuchokera uku ine uku, ndipo tinapeza chitseko cha shedi chili pululu.

Mkati munali phee. Chiguduli chija chinali pansi pakati pa shedi. Chivundikiro chinali chotsamira kukhoma. Bokosi lija linali litakokedwa kuchoka kuseri kwa matabwa, mzere wake ukuoneka mu utuchi, ndipo linali pamene pamagwera dzuwa la pazenera. M'mbali mwake munali zala, zinayi uku zinayi uku, zitagwira thabwa.

Achimwene anali kutsogolo kwanga, chipewa chili m'manja, ndipo ulendo uno sanatembenuke. Khosi linawakanika. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima pambali pa bokosi n'kuyang'ana mkati.

Kaliwiro anali gone m'menemo, maso otseka, utuchi uli m'tsitsi. Mawondo ake anali opinda, atatulukira pamwamba. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika. Anatsegula maso.

"Ababa, ili munapangira ine?"

Ndinapemphera kuti aname. Achimwene sadziwa kunama. "Eya, mwana wanga."

"Liti?"

"Uli kuchipatala."

"Ndinadziwa," anatero mwanayo. "Ndinaliona kalekale. Ndimaopa kuliyesa. Koma mwalakwitsa, ababa. Taonani."

Anawongola miyendo. Mapazi anagunda thabwa la kumapazi mawondo asanawongoke. Anawakweza, nawatambasula, ndipo zidendene zinadutsa pamwamba pa thabwalo n'kukalendewera kunja, zala zikugwedera. Anayesa kugona chagada bwinobwino koma mapewa anakana, limodzi linatsalira m'mwamba. Miyezi yonse ija ife tikulondera mtima, mwana ankadya n'kumagona, ndipo palibe amene anaona kuti mathalauza ake asanduka akabudula. Ine sindinaone chifukwa ndinkamuona tsiku ndi tsiku. Iwo sanaone chifukwa sankamuona n'komwe.

Ndinaliona diso la achimwene likuyamba ulendo wake. Linayambira pamutu. Linaima pamapewa, n'kukhalitsa pamenepo ngati lasokonezeka. Linatsika, linafika pothera bokosi pamene limaima nthawi zonse, ndipo mwana anali asanathe. Linapitirira.

"Dzuka," anatero. "Dzuka, tuluka m'menemo."

Anamukoka ndi manja onse awiri, mwanayo anachita kuvutika kuti mapewa atuluke. Achimwene anapita pamsomali n'kutenga tepi ija ya dzimbiri. Inakana kutuluka, anaimenya pabenchi mpaka inalola. Anamuimika Kaliwiro pafelemu ya chitseko, zidendene kukhoma, monga amayezera ana m'nyumba za anthu ena, chinthu chimene m'nyumba mwathu chinali chisanachitikepo. Anaika thabwa laling'ono pamutu pake, anachotsa pensulo kukhutu, nalemba mzere. Kuti alembe bwino anachita kunyanyamphira.

Kenako anangoima n'kumamuyang'ana kumaso, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta. Mwana nayenso ankalira, akuseka nthawi yomweyo, mamina ali mbwee, mnyamata wamkulu wonseyo. Ine ndinakhala pansi pa utuchi.

Dokotala atamuyezanso anati mtima wabwerera m'malo mwake, ayambe pang'onopang'ono, kuyenda kaye kenako kuthamanga. Nsapato ndinamubwezera koma sizinamukwane.

Bokosi lija likadalipo, achimwene sanaliphwasule. Ndimasungiramo zidutswa za nsalu, ndipo masana kukatentha limalirabe, koma ine ndimangoliuza kuti likhale chete, mwini wake kulibe. Pafelemu ya chitseko mizere yawonjezeka. Kaliwiro akabwera kuchokera kubwalo, thukuta lili kamukamu, achimwene amasiya chilichonse chimene agwira, amachotsa pensulo kukhutu, n'kumuuza kuti, "Taima apo, usagwedezeke. Ndikuone."